DOTOLO THEODOR KOCHER NDI NTHENDA YA CITHOKOMIRO

Dziko la mapiri

Pakati pa maiko a ku Ulaya pali dziko laling'ono lochedwa Switzerland. Dzikoli liri kutali ndi nyanja ya mcere, ndipo mbali yace yaikuru ndi mapiri atali ochedwa Alps, amene pa nsonga zace sipacoka cipale cofewa. M'zaka za m'ma 1800 mlendo akafika m'midzi ya m'zigwa za mapiri amenewa, anali kudabwa poona makosi a eni dziko. Amuna ndi akazi ambiri anali ndi cithokomiro. Kwa ena cinali cotupa cacing'ono conga dzira la nkhuku. Kwa ena cinali kulendewera mpaka pacifuwa monga dzungu. Anyamata ambiri anali kubwezedwa pa nchito ya usilikali cifukwa ca nthenda imeneyi.

M'midzi yomweyo munali kubadwa ana opinimbira. Anawa sanali kukula msinkhu, nzeru zao zinali zocedwa, ndipo ambiri a iwo anali ogontha ndi osalankhula. Anthu anali kuona kuti kumene kuli cithokomiro cambiri kulinso ana otere ambiri, koma panalibe wodziwa cimene cinalumikiza zinthu ziwirizi.

Cithokomiro ndi kutupa kwa kanyama kofewa kamene munthu ali yense ali nako kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Dzina lace kwa madotolo ndilo thyroid. Kali ndi mbali ziwiri, yina kumanja yina kumanzere kwa njira ya mpweya, zolumikizana pakati, ndipo maonekedwe ace akunga gulugufe wotambasula mapiko. Mwa munthu wabwino kanyamaka sikaoneka. Koma kakatupa kwambiri kamapana njira ya mpweya, wodwala napuma mobvutika, makamaka akagona. Ndipo alipo ena amene anafa cifukwa cobanika. Za nchito ya kanyamaka m'thupi, madotolo a masiku amenewo sanali kudziwa kanthu. Ambiri anali kukayesa kacabe.

Nchito imene madotolo anaiopa

Popeza cotupaco ciri pansi pa khungu penipeni, munthu angaganize kuti kucicotsa ndi mpeni nkwapafupi. Iai, pakhosi ndi pamalo pothinana. Kanyama kaja kamalandira mwazi wambiri kupyolera m'mitsempha yaikuru inai, ndipo kakatupa mitsemphayo nayo imakula nikhala yosacedwa kung'ambika. Pambali pace pamapita mitsempha yotengera mwazi kumutu. Kuseri kwace kuli timitsempha tiwiri toyera tonga ulusi timene timayendetsa mau. Kamodzi kakadulidwa munthu amasasa mau, ndipo tikabvulala tonse tiwiri akhoza kulephera kupuma.

Cotero madotolo akale amene anayesa nchitoyi anaona zoopsa. Mwazi unali kusefukira pabala mpaka dotolo osaona cimene alikuceka. Wodwala akapulumuka tsiku limenelo, bala linali kucita mafinya, thupi kutentha, ndipo patapita masiku owerengeka anali kumwalira. Cisanafike caka ca 1850, mwa anthu 100 ocekedwa cithokomiro pafupifupi 40 anali kufa. Ngakhale dotolo wochuka Theodor Billroth, pamene anali ku Zurich m'zaka za m'ma 1860, anaceka odwala 20, ndipo 8 a iwo anamwalira. Ataona cotero anaileka nchitoyi zaka zingapo.

Koma m'masiku omwewo munapezeka zinthu ziwiri zimene zinasintha nchito yonse ya opareshoni. Mu 1846 ku Boston, m'dziko la America, madotolo anaonetsa mankhwala ogonetsa munthu kuti asamve kupweteka. Ndipo mu 1867 Joseph Lister wa ku Glasgow analengeza njira yophera tizirombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa mabala. Tsono wodwala sanali kuphiriphitha pa gome, ndipo bala linatha kupola bwino. Cinatsala ndi munthu wodziwa kuletsa mwazi.

Mwana wa ku Bern

Emil Theodor Kocher anabadwa pa 25 August 1841 mu mzinda wa Bern, umene uli likuru la Switzerland. Atate wace anali katswiri wa nchito za miseu. Amai wace anali munthu wopembedza kwambiri, ndipo mwanayo anatengera mtima umenewo moyo wace wonse. Anaphunzira za udotolo pa yunivesite ya ku Bern natsiriza mu 1865. Pambuyo pace anayendera madotolo akuru a nthawi imeneyo: Billroth ku Zurich, Bernhard von Langenbeck ku Berlin, ndi Spencer Wells ku London, amene anali wochuka cifukwa ca ukhondo wace pa opareshoni.

Atabwerera kwao anakhala wothandiza wa Georg Albert Lücke, mphunzitsi wamkuru wa za opareshoni ku Bern. Mu 1872 Lücke anasamukira ku Strasbourg, ndipo Kocher analowa m'malo mwace ali ndi zaka 30 zokha. Anakhala pa mpando umenewo zaka 45. Mayunivesite ena akuru anamuitana, koma iye sanacoke ku Bern. Cipatala cace cinali kuchedwa Inselspital, ndipo ciripobe mpaka lero.

Nchito ya pulofesa wa opareshoni iri patatu: kuciritsa odwala, kuphunzitsa anyamata amene adzakhale madotolo, ndi kufufuza zatsopano nkuzilemba kuti ena aziwerenge. Kocher analemba za zinthu zambiri. Njira yace yobwezera phewa loguluka, imene anaifotokoza mu 1870, imadziwikabe ndi dzina lace. Koma popeza anali kukhala pakati pa anthu a cithokomiro, khosi ndilo linakhala munda wace.

Macitidwe ace

Madotolo a kale anali kutamandidwa cifukwa ca liwiro, pakuti pamene kunalibe mankhwala ogonetsa, dotolo wacifundo anali amene anatsiriza msanga. Kocher anaona kuti cifukwa cofulumirira cinatha. Anali kugwira nchito pang'onopang'ono, mwacete, monga mmisiri wosoka nsaru ya mtengo wapatali. Mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono nkudekha ukumuyenera munthu ameneyu.

Lamulo lace linali lakuti mtsempha uli wonse wa mwazi, ngakhale waung'ono, uyambe wapanidwa ndi kumangidwa usanadulidwe. Mitsempha yaikuru yodyetsa cotupaco anali kuyamba waifuna ndi kuimanga asanakhudze cotupa ceniceni, monga munthu wotseka ngalande kumtunda asanayambe kukumba kumunsi. Pa nchito imeneyi anakonza mbaniro yacitsulo yokhala ndi timano kunsonga kwace, yogwira mtsempha osaupulumutsa. Pomanga anali kugwiritsa ulusi wa silika wophedwa tizirombo. Cifukwa ca ici bala lace linali louma, ndipo iye anali kuona bwino ciwalo ciri conse, napewa timitsempha ta mau tija.

Poceka khungu anazoloweretsa njira yoceka copingasa, motsata makwinya a khosi, pamalo pamene pamadutsa mkanda. Bala lotere likapola, cipsera cace cimabisala m'makwinyamo. Kufikira lero madotolo amaceka cithokomiro mwa njira imeneyi.

Cinanso cimene anasiyana naco ndi anzace ambiri ndi kalembera. Wodwala ali yense anali kulembedwa m'buku: dzina, mudzi, msinkhu, kukula kwa cotupa, cimene cinacitika pa opareshoni, ndi kuti anacira kapena anamwalira. Pofika 1883 anali atacotsa zithokomiro 101, ndipo amene anamwalira anali 13. Ciwerengero cimeneci cinali cocepa ndithu poyerekeza ndi ca kale. Kwa odwala 34 mwa amenewa anacotsa kanyama konse osasiyako kanthu, poganiza kuti potero cithokomiro sicidzamerenso. Iye anali kuyesa kuti walaka mdaniyo.

Mtsikana wa zaka 11

Mu January 1874 Kocher anacotsa cithokomiro ca mtsikana wina wa zaka 11. Anacotsa kanyama konse. Bala linapola bwino, ndipo mwanayo anabwerera kwao. M'buku analembedwa pamodzi ndi ocira. Patapita miyezi, dotolo wa kumudzi kwa mtsikanayo anatumiza mau kuti mwana uja wasintha: kale anali wocangamuka ndi wosekerera, koma tsopano ndi waulesi, wokwiyakwiya, wosagwira nchito popanda kumkakamiza. Kocher sanaike mtima pa mauwo. Ana amasintha pa zifukwa zambiri.

Zaka 8 zinapita. Mu September 1882 ku Geneva, mzinda wina wa Switzerland, kunali msonkhano wa madotolo. Kumeneko Kocher anaceza ndi dotolo wa mu mzindawo, Jacques-Louis Reverdin, amene anamfotokozera kuti odwala ace ena, atacotsedwa kanyama konse, anayamba kufooka, kutupa nkhope, ndi kuzizira m'maganizo. Apo Kocher anakumbukira mtsikana uja. Anatumiza mau omuitana, ndipo kuciyambi kwa 1883 anafika pamodzi ndi mng'ono wace.

Kale ana awiriwa anali ofanana kwambiri, kotero kuti anthu anali kuwasokoneza. Tsopano mng'onoyo anali namwali wamtali, wooneka bwino. Koma mkuruyo, ngakhale anali pafupi kukwanitsa zaka 20, msinkhu wace unali wa mwana. Nkhope yace inali yotupa, milomo yokhuthala, khungu louma, tsitsi lopyapyala, ndipo anali kulankhula mocedwa monga munthu wa tulo. Anali kufanana ndi ana opinimbira aja a m'zigwa za mapiri. Kusiyana kwace kunali kumodzi: aja anabadwa otero, koma uyu anabadwa wabwino.

Pamenepa dotolo wina akanatha kunena kuti ndi tsoka la munthu mmodzi, nabweza mtsikanayo kwao mwakacetecete. Palibe akanamfunsa. Kocher anatsegula buku lace la kalembera nalemba makalata kwa odwala ace akale kuti abwere adzapimidwe. Mwa anthu 34 aja ocotsedwa kanyama konse, 18 anafika pamaso pace. Mwa 18 amenewa, 16 anali ndi zizindikiro zomwezo, ena pang'ono ena kwambiri. Anali kudandaula za kutopa, kulemera kwa manja ndi miyendo, ndi kumva cisanu ngakhale kunja kukufunda. Zikope zinali zotupa, mau olemera, ndipo anali kuiwala zinthu. Amene anacekedwa ali ana ndiwo anaonongeka koposa: analeka kukula, ndipo ena amene anali anzeru kusukulu anabwerera m'mbuyo. Koma odwala amene anawasiyira mbali yina ya kanyamako anali bwino.

Mu April 1883 Kocher anaimirira pa msonkhano waukuru wa madotolo a opareshoni ku Berlin nafotokoza zonsezi, pamodzi ndi mawerengero ace. Nthenda yatsopanoyi anaicha cachexia strumipriva, mau amene tanthauzo lace ndi kufooka kobwera cifukwa cocotsa cithokomiro. Kunena zotere pamaso pa akuru a nchito yace kunali kubvomera kuti ukatswiri wace womwe ndiwo unapweteka anthu. Pakuti dotolo wosasamala anali kusiyako tizidutswa ta kanyamako mosadziwa, ndipo tizidutswato tinali kusunga wodwala. Koma Kocher, ndi manja ace osamala, anali kucotsa konse. Akuru ena pa msonkhanowo sanakhulupirire. Anati anthuwo akanapinimbirabe ngakhale popanda opareshoni, popeza anali a ku dziko la anthu opinimbira.

Kuyambira m'masiku amenewo Kocher anasintha macitidwe ace. Pa cithokomiro wamba anayamba kucotsa mbali imodzi, kapena kusiyako gawo lokwanira, ndipo anaphunzitsa ophunzira ace kutero. Kucotsa konse kunatsalira pa nthenda zoopsa monga khansa. M'caka comweco ca 1883 anayesa kubzala kacidutswa ka kanyamako m'thupi la wodwala wina amene anakasowa. Kacidutswako sikanakhalitse, ndipo thandizo lace linali la kanthawi.

Pa nkhaniyi pali zinthu ziwiri zimene mbiri siingabise. Coyamba, Kocher sanazindikire msanga cifukwa ceniceni ca nthendayi. Poyamba anaganiza kuti opareshoni inali kuononga njira ya mpweya, kotero kuti wodwala sanali kulandira mpweya wokwanira. Caciwiri, sanapatse Reverdin ulemu womuyenera. Reverdin anali atafotokoza kale za odwala ace pamaso pa madotolo a ku Geneva mu September 1882, miyezi 7 msonkhano wa ku Berlin usanacitike, ndipo ndiye anatsegula maso a Kocher. Koma Kocher anangomuchula mwapatalipatali, ndipo mkangano wa yemwe anayamba kuona nthendayi unakhala pakati pao ndi pakati pa owatsata zaka zambiri. Anthu akuru nao amalimbirana dzina.

Cinsinsi ca kanyamako cidziwika

Ku England madotolo anali atadziwa kale nthenda yina ya akazi acikulire, yotupitsa nkhope ndi kufooketsa maganizo. William Gull anaifotokoza mu 1873, ndipo William Ord anaicha myxoedema. Dotolo wa zapakhosi wa ku London, Felix Semon, atawerenga zimene Kocher analemba, ananena kumapeto kwa 1883 kuti nthenda ya akazi aja, kupinimbira kwa ana a m'mapiri, ndi kufooka kwa odwala a Kocher, zonsezi ndi nthenda imodzi, ndipo gwero lace ndi kusowa kwa nchito ya kanyama ka pakhosi. Ena anamseka. Koma bungwe la madotolo a ku London linasankha anthu ofufuza, ndipo Victor Horsley anacotsa kanyamako mwa anyani naona zizindikiro zomwezo. Mu 1888 ofufuzawo analengeza kuti Semon ananena zoona.

Tsono ngati munthu akudwala cifukwa cosowa cimene kanyamako kamapanga, bwanji osampatsa cocokera kwina? Mu 1891 George Murray wa ku Newcastle anafinya madzi a kanyama kotere ka nkhosa nabaya nao mai wina wa zaka 46 amene anali wodwala kwambiri. Maiyo anacira, napitiriza kulandira mankhwalawo, nakhala ndi moyo zaka zina 28. Posacedwa kunadziwika kuti mankhwalawo amagwiranso nchito ngakhale pakumwa. Mu 1914 Edward Kendall wa ku America anapatula cinthu ceniceni cimene kanyamako kamathira m'mwazi, cochedwa thyroxine, ndipo mu 1927 Charles Harington ndi George Barger anatha kucipanga ndi manja.

Masiku ano cadziwika kuti thyroxine ndiye amasonkhezera moto wa thupi. Akacepa, zonse zimayenda mocedwa: mtima, m'mimba, maganizo, ndi kukula kwa mwana. Akacuruka, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, munthu amaonda ngakhale alikudya bwino, ndipo nthawi zina maso amatong'oka. Munthu amene wacotsedwa kanyama konse tsopano amamwa kambulu kamodzi tsiku ndi tsiku, nakhala wamphamvu monga anzace.

Alendo a ku Inselspital

Atasintha macitidwe ace, Kocher anapitirira kucepetsa imfa. Pofika 1898, m'gulu la odwala oposa 500 munafa mmodzi yekha. M'moyo wace wonse anacotsa zithokomiro zoposa 5,000 ndi manja ace, ndipo pa zaka zace zotsiriza omwalira sanali kufika mmodzi pa anthu 100. Buku lace lophunzitsa opareshoni linaturuka mu 1892 m'Cijeremani, nilimasuliridwa m'zinenero zina. Odwala anali kucokera kutali. Mu 1913 Nadezhda Krupskaya, mkazi wa Lenin, yemwe pambuyo pace anadzalamulira Russia, anacekedwa khosi ndi Kocher ku Bern.

Madotolo a maiko ena nao anali kubwera kudzaonerera. Mmodzi wa iwo anali William Halsted wa ku cipatala ca Johns Hopkins, ku Baltimore, amene anaona Billroth ndi Kocher yemwe akugwira nchito. Billroth anali atayambanso kucotsa zithokomiro ku Vienna, ndipo imfa zinali zitacepa m'manja mwace. Koma panali codabwitsa. Odwala a Billroth sanali kufooka kawirikawiri monga a Kocher, koma ambiri anali kugwidwa ndi kukokana kwa minofu: zala zinali kupindika, thupi kuuma, ndipo ena anafa nako. Odwala a Kocher nthenda imeneyi inali yosowa.

Halsted anapeza yankho m'manja a anthu awiriwa. Kuseri kwa kanyama ka pakhosi kuli timibulu tinai tating'ono tonga njere za mpunga, timene Ivar Sandström wa ku Uppsala anatifotokoza mu 1880. Timibuluti timasunga muyezo wa mcere wina wa m'mwazi wochedwa calcium, ndipo tikacoka minofu imakokana. Billroth anali kugwira nchito mofulumira, mwazi uli pabala. Cotero anali kutha kucotsa timibuluto mosaona, koma kusiyako tizidutswa ta kanyama kakakuru. Kocher anali kusenda kanyamako mosamala pafupi ndi cikopa cace, nakacotsa konse, timibulu tija nititsala pamalo pace. Nthenda ya wodwala inali kuulula dzanja limene linamceka.

Halsted ndiye anakhazikitsa ku America macitidwe ophunzitsira madotolo a opareshoni zaka zambiri m'cipatala, ndipo cimene anaphunzitsa cinali cogwirizana ndi ca Kocher: kugwira minofu mofatsa, kumanga mtsempha uli wonse, kusoka ndi silika, kusathamangira. Wophunzira wace Harvey Cushing anakhala ku Bern miyezi ingapo mu 1900 ndi 1901, akufufuza za kupanikizika kwa ubongo m'kati mwa cigaza. Pambuyo pace anakhala tate wa opareshoni ya ubongo. M'Switzerland momwemo ophunzira a Kocher analowa m'zipatala zambiri. César Roux anakhala pulofesa ku Lausanne, ndipo Fritz de Quervain anadzalowa m'malo mwa mphunzitsi wace ku Bern.

Mu 1909 Kocher analandira mphotho ya Nobel cifukwa ca nchito yace pa kanyama ka pakhosi. Iye ndiye dotolo wa opareshoni woyamba kulandira mphotho imeneyi. Pambuyo pace anapereka ndalama zambiri ku yunivesite ya Bern kuti zimangire nyumba yofufuzira za matenda, ndipo nyumbayo imachedwa ndi dzina lace. Sanapume pa nchito. Mu July 1917 anaitanidwa madzulo kukathandiza wodwala wamwadzidzidzi. Atabwerera kunyumba anakomoka, ndipo anamwalira pa 27 July, ali ndi zaka 75.

Mcere

Funso limodzi linamkanika Kocher: kodi cithokomiro cimayamba bwanji? Analifufuza ndithu. Mu 1883 ndi 1884 iye ndi omthandiza anapima makosi a ana a sukulu oposa 76,000 m'cigawo ca Bern, napeza kuti m'madera ena ana ambiri anali ndi cotupa. Iye anakayikira madzi akumwa.

Yankho linali mu cinthu cochedwa ayodini, cimene cinapezeka mu 1811 m'phulusa la ndere za m'nyanja ya mcere. Mu 1820 dotolo wa ku Geneva, Jean-François Coindet, anapatsa odwala ayodini, ndipo zotupa zinaphwa; koma muyezo wace unali waukuru, ena anadwala nao, ndipo anthu anacita mantha. Kocher mwini anacenjeza mu 1910 kuti ayodini wocuruka akhoza kudzutsa nthenda ija yothamangitsa mtima mwa munthu wa cithokomiro. Cenjezolo linali loona, koma linaonjezera mantha a madotolo. Komabe ca m'ma 1895 Eugen Baumann wa ku Freiburg anali atapeza kuti m'kanyama ka pakhosi muli ayodini. Kanyamaka kamafuna ayodini kuti kapange thyroxine. Nthaka ya m'mapiri ndi yosauka ayodini, pakuti madzi oundana ndi mvula zinamkokolola kalekale. Cotero mbeu, mkaka ndi madzi a kumeneko nazo nzosauka. Kanyamako kakamsowa kamadzikuza kuti kagwire ngakhale kocepa kamene kalipo, ndipo kukula kumeneko ndiko cithokomiro. Mai wapakati akamsowa kwambiri, ubongo wa mwana wa m'mimba sukula bwino, ndipo mwanayo amabadwa wopinimbira.

Amene anatsiriza nkhaniyi anali madotolo atatu osachuka, ogwira nchito kunja kwa mayunivesite. Heinrich Hunziker analimbikira kunena kuti thupi limafuna ayodini wocepa kwambiri, koma tsiku ndi tsiku, ndi kuti njira yapafupi ndiyo kumsakaniza ndi mcere wa ndiwo, popeza mcere amadya munthu ali yense, wolemera ndi wosauka, ndiponso palibe amaudya mopitirira. Mu 1918, caka cimodzi Kocher atamwalira, Otto Bayard anasakaniza ayodini ndi mcere napatsa mabanja a m'midzi ya m'cigwa ca Matter, ndipo zotupa za ana zinaphwa popanda wodwala. Mu 1922 Hans Eggenberger wa ku Herisau anayenda m'midzi ya cigawo ca Appenzell Ausserrhoden akufotokozera anthu madzulo, mpaka eni ace anapempha boma lao kuti lilole mcere wotere. Zigawo zina zinatsatira cimodzicimodzi, ndipo pofika 1952 mcere wa ayodini unali kugulidwa m'dziko lonse la Switzerland. Citapita caka ca 1930 ana opinimbira a mtundu uja analeka kubadwa m'zigwa za Alps.

Njira imeneyi inafalikira ku maiko ambiri, ndipo mcere wa m'mapaketi umene umagulidwa m'masitolo a ku Malawi ndi ku Zambia nao umathiridwa ayodini pa cifukwa comweco. Opareshoni ya pakhosi siinathe ai, pakuti zilipo zotupa zina zimene mcere sungaziletse, monga khansa ndi zithokomiro zakale zopana njira ya mpweya. Pa zimenezi dotolo amacekabe motsata makwinya a khosi, amafunafuna timitsempha ta mau ndi timibulu tinai tija kuti atisunge, ndipo akafuna mbaniro ya timano amangouza namwino kuti ampatse Kocher.